SUKULU YA DOTHI YA ANA A OTHAWA NKHONDO

Mseu wocokera ku Kitwe kunka ku Chingola umadzera pambali pa Garneton. Munthu akautsata kufikira ku Solwezi, napitirirabe, adzafika ku Meheba, kumene Boma la Zambia linapatula malo m'caka ca 1971 kuti pakhale anthu othawa nkhondo ya ku Angola. Pambuyo pace kunadza enanso ocokera ku Congo, ku Rwanda ndi ku Burundi.

Wothawa nkhondo amayesa kuti adzabwerera kwao mwezi wa mawa, ndipo omlandira amayesa comweco. Cifukwa cace sukulu yoyamba ya ana otere kawiri-kawiri imakhala hema kapena mthunzi wa mtengo. Koma nkhondo ya ku Angola inatha m'caka ca 2002, pamene ana obadwira ku Meheba anali atabala kale ana ao. Hema silingapirire zaka zotere. Tsono pafunika nyumba yeni-yeni, ndipo funso ndi lakuti imangidwe ndi ciani, pakuti simenti ndi malata zimacokera kutali, ndi mtengo wace ngwaukulu.

Anthu a ku migodi amadziwa bwino ziulu zazikulu za m'dziko lino, zina zotalika kuposa nyumba. Dothi la pa culu ndi lomata, ndipo likasanganizidwa ndi mcenga pang'ono limaumba zidina zolimba, zimene zimangouma ndi dzuwa popanda nkhuni. Ici ncacikulu, popeza kuocha njerwa kumatha mitengo, ndipo pamalo pamene pasonkhana anthu zikwi zambiri nkhalango imayamba kale kubvutika ndi nkhuni zophikira. Ena amamanga ndi mdindo, kusinja dothi lacinyezi pakati pa matabwa. Nchito zimenezi othawa nkhondo amazidziwa kucokera kwao. Amuna amaimika nsici ndi kumanga phaso, akazi amamweta udzu ndi kuzira pansi.

Alipo ena m'matauni amene amanyoza denga la udzu, nati nca kumudzi. Amenewo afunse mphunzitsi amene anayesapo kuphunzitsa pansi pa malata mvula ya Januwale ikugwa: mau ace samveka, ndipo phunziro limaima. M'mwezi wa Okutobala malata omwewo amasandutsa cipinda ng'anjo, ana nayamba kusinza. Udzu ndi cipupa cocindikala ca dothi zimasunga nyumba yozizira ndi yacete.

Komatu sukulu si nyumba yogona. Nyumba ya kumudzi ndi yaing'ono ndi yamdima, pamene cipinda cophunziriramo cifuna mazenera akulu kuti mwana wa kumbuyo aone pa bolodi, ndiponso mitanda yaitali yosenza denga lotambalala. Apa mpamene nzeru za makolo ziyenera kuthandizana ndi za womanga wophunzira. Adani a nyumba ya dothi ndi atatu: madzi, ciswe ndi moto. Madzi amadya cipupa kuyambira pansi, kotero maziko akhale a miyala kapena njerwa zoocha, okwera pamwamba pa nthaka, ndipo khonde likhale lalikulu. Denga likhale lotsetsereka ndithu kuti mvula isakhalitse pa udzu. Ciswe cimafuna maso a tsiku ndi tsiku. Moto umafuna kulambula bwalo lonse nyengo ya lupsa isanafike.

Ku Burkina Faso, Francis Kéré anamanga sukulu m'mudzi wa kwao wa Gando m'caka ca 2001, pamodzi ndi eni mudzi. Njerwa zace zinali za dothi losanganiza ndi simenti pang'ono, ndipo malata anawakweza pamwamba, kusiya mpata woti mphepo izipita. M'caka ca 2022 iye analandira mphotho ya Pritzker, imene omanga a dziko lonse lapansi amailemekeza koposa.

Wina angafunse kuti, nanga alendowo akapita nyumbayo idzakhala ya yani? Ku Ukwimi, kumene pa nthawiyo kunali m'boma la Petauke, kunakhala anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Mtendere utapanganidwa ku Rome m'caka ca 1992, iwo anabwerera kwao, koma sukulu sanazisenze pamutu. Zinatsala pomwepo, ndipo munalowa ana a anthu a m'Zambia amene anapatsidwa mindayo.