Mphamvu ya Galimoto Yokalamba

Munthu woyenda pa mseu wocokera ku Lundazi kutsikira ku Chama, m'cigwa ca Luangwa, amakumana ndi magalimoto okalamba, makamaka a Toyota Hilux ndi Land Cruiser, atasenza matumba a mpunga. Eni ace ambiri amadandaula kuti injini zao zafoka, ndipo ena amamwaza ndalama za zokolola za caka cathunthu pogula zitsulo zacilendo zoti zionjezere liwiro. Komatu mphamvu ya injini yokalamba siigulidwa m'sitolo ai. Mphamvuyo inalimo kale pamene galimoto inali yatsopano, ndipo nchito ya mwini wace ndiyo kuibweza.

Coyamba ndi mpweya. Injini ya petulo imafuna malita a mpweya pafupifupi 9,000 kuti itenthe lita imodzi ya mafuta. Tsono m'cilimwe, pamene pfumbi la m'cigwa likwera ngati utsi, sefa ya mpweya imatsekeka msanga. Injini ibanika, nimwa mafuta ambiri, nilephera pa citunda. Mwini galimoto ayenera kuigugudza pang'onopang'ono sabata iri yonse, ndi kugula yatsopano ikada kwambiri. Asaicotse konse, pakuti pfumbi lolowa m'kati limadya maring'i monga mwala wonolera udya mpeni.

Caciwiri ndi mafuta. Mafuta ogulidwa m'zigubu kawirikawiri amakhala ndi madzi ndi zinyalala. Nkwabwino kuwasefa ndi nsaru yoyera asanalowe m'thanki, ndiponso kusintha sefa ya mafuta pa nthawi yace. Galimoto ya dizilo ikayamba kutulutsa utsi wakuda, makaniko ayang'ane mainjekita.

Cacitatu ndi moto. Mapulagi otha, taimingi yosokonekera ndi mavalavu osacunidwa bwino zimaba mphamvu mwakacetecete. Kukonza zimenezi kumalira ndalama zocepa, koma miyeso yace itsatidwe monga yalembedwa m'buku la galimotoyo, osati mongoganizira.

Pali colakwa cimodzi cofala m'malo otentha. Injini ikawira m'mwezi wa Okutobala, ena amacotsa thermostat nayesa kuti acita nzeru. Si tero ai. Injini yotere imacedwa kufunda m'mamawa, imadya mafuta ambiri ndipo imatha msanga, pamene nthenda yeniyeni yatsala m'radiyeta yodzala matope ndi njere za udzu. Radiyetayo itsukidwe, ndipo lamba wa fani amangidwe bwino.

Potsiriza, mwini galimoto akumbukire matayala ndi katundu. Matayala opanda mpweya wokwanira ndi mabuleki ogwira amalemetsa galimoto. Ndipo pokwera kucoka m'cigwa, injini yopanda turbo imataya magawo ngati 3 pa 100 a mphamvu yace pa mamita 300 ali onse, cifukwa mpweya wa kumtunda ndi wopepuka. Pamenepo wanzeru amacepetsa matumba, nasintha giya nthawi ikalipo, podziwa kuti galimoto ikafera m'chire mpunga sufika kumsika. Akulu anati kuthamanga si kufika.