Mau a pa Msonkhano: Za Mapu Akale a Maboma a ku Texas

Mau athu lero ali pa mapu akale a dziko la Texas ku America, amene aonetsa boma limodzilimodzi, njanji zache, mitsinje yache, ndi malo owetera ng'ombe. Tasankha nkhani iyi pakuti inu ndinu osunga malire, ndipo nkoyenera kuti mudziwe mphamvu ya mzere wolembedwa pa pepala.

Kumpoto kwa Texas kuli chidikha chachikulu cha udzu, dzina lache Panhandle. Eni ache anali a mtundu wa Comanche ndi Kiowa, osaka njati. Iwo anagonjetsedwa pa nkhondo ya 1874 ndi 1875, natsekeredwa ku dziko limene lero litchedwa Oklahoma. M'chaka cha 1876 opanga malamulo, ali kutali ku Austin, analemba mizere yoongoka nagawa chidikhacho m'maboma, ngakhale ambiri a mabomawo analibe mudzi wa Azungu ndi umodzi womwe.

Tsono Boma la Texas linali ndi dziko lambiri koma ndalama zochepa, chifukwa chache linalipira ntchito zazikulu ndi dziko. Mwa lamulo la 1854, kampani yomanga njanji inalandira maekala 10,240 pa mailosi imodzi iliyonse, kufikira chaka cha 1882. Ndicho chifukwa mapu ambiri adzala ndi timabokosi tolembedwa maina a makampani a njanji.

Momwemonso, pofuna nyumba yatsopano ya malamulo, Boma linapatsa amalonda a ku Chicago maekala 3,000,000, kuti aimange. Ndipo inatha mu 1888. Pa dziko limenelo anakhazika famu ya ng'ombe yotchedwa XIT, yokhudza maboma 10, naitchinga ndi waya waminga. Ng'ombe zoyamba zinafika mu 1885, zotsiriza zinagulitsidwa mu 1912, ndipo dzikolo linagulitsidwa chidutswa chidutswa.

Taonaninso ntchito ya njanji. Tascosa unali mudzi womveka wa abusa a ng'ombe m'mbali mwa mtsinje wa Canadian. Njanji ya Fort Worth and Denver City pofika mu 1887 inadzera tsidya lina la mtsinje. Mudziwo unafota, ndipo mu 1915 ofesi ya boma inasamukira ku Vega. Koma pamene njanji ya Rock Island inapingasana ndi imeneyo mu 1901 panabadwa mudzi wa Dalhart, umene dzina lache lichokera ku maboma awiri, Dallam ndi Hartley. Woyerekeza mapu a zaka zosiyana aona mudzi wina uzimirira, wina umera.

Mapu awa asungidwa ku General Land Office ku Austin, ofesi ya malo imene inayamba mu 1836. Poawerenga mudzapeza maina a makampani ndi a eni ng'ombe; koma munda wolembedwa m'dzina la Comanche pa chidikha chija simudzaupeza, ngakhale anakhalapo mibadwo yambiri. Amene sanalembedwe anayesedwa ngati kulibe.

Chifukwa chache tikupemphani, mafumu athu: woyesa dziko akafika kwanu, mukhalepo inu eni ndi nduna zanu. Mumuonetse madambo a ziweto, zitsime, manda ndi mabwinja. Muone kuti maina alembedwa monga tiwatchula ife. Ndipo mupemphe pepala lanu, mulisunge bwino chifukwa cha ana athu.

Mau athu athera pamenepa.