NDIWO ZA AGOGO: NYAMA KAPENA NYEMBA?

Lero tikambirane za ndiwo za makolo athu okalamba. Ambiri mwa ife timaganiza kuti nkhalamba, poti sigwiranso ntchito yolemetsa, ingathe kukhalira nsima ndi masamba basi. Maganizo amenewa ndi olakwika.

Munthu akamakalamba minofu yake imachepa. Miyendo imafooka, kudzuka pamphasa kumavuta, ndipo akagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ambiri sayendanso. Chimene chimasunga minofu ndi zakudya zomanga thupi, zomwe achipatala amati mapuloteni. Thupi lokalamba limafuna zambiri kuposa la mnyamata. Mu 2013 akatswiri a zaumoyo wa okalamba adalangiza kuti wokalamba azipeza galamu 1 mpaka 1.2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Ndiye kuti agogo olemera makilogalamu 50 afunika magalamu 50 mpaka 60.

Nanga tiwapeze kuti? Zochokera ku nyama, monga mazira, mkaka, usipa, matemba ndi ngumbi, zimagayika msanga ndipo zili ndi zonse zimene minofu imafuna. Zilinso ndi vitamini B12 amene nyemba zilibe. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Vuto lake ndi mtengo.

Nyemba, nandolo, khobwe, nzama, mtedza ndi soya timalima tokha. Kapu imodzi ya nyemba zophika ili ndi magalamu pafupifupi 15. Komabe thupi silitengamo zonse, ndipo wokalamba amakhuta msanga. Ubwino wake ndi woti chimene chikusowa m'chimanga chimapezeka m'nyemba, choncho nsima ya nyemba ndi chakudya chabwino. Soya ndiye amayandikira nyama, koma tiyambe tamukazinga kapena kumuphika bwinobwino.

Tsono tisasankhe mbali imodzi. Tichite izi:

1. M'mawa tiwaphikire phala la mgaiwa lothira soya kapena nsinjiro.
2. Masana ndi madzulo pasasowe ndiwo za mtundu wa nyemba. Tiwonjezerepo dzira kapena usipa pang'ono pamene tingathe.
3. Ngati mano adatha, tisinje usipa n'kuthira m'phala kapena m'ndiwo, ndipo nyemba tizipote.
4. Tisawaletse kuyendayenda, kusesa ndi kupalira padimba. Minofu yongokhala imatha, ngakhale munthu adye bwino.
5. Amene ali ndi matenda a impso ayambe afunsa kuchipatala.

Tikumbukirenso kuti agogo ambiri akulera adzukulu amasiye, ndipo kagawo kawo ka ndiwo amapatsa ana. Tisadikire maliro kuti tiphe nkhuku. Kulemekeza makolo, monga lamulo lachinayi litiphunzitsira, kumayambira pa mbale yawo.

Mafunso okambirana m'miphakati:
(a) Kodi pakhomo pathu ndani amayamba kupatsidwa ndiwo zabwino?
(b) Mazira a nkhuku zathu timagulitsa onse, kapena timasiyako a agogo?
(c) Ndi okalamba ati m'mudzi mwathu amene alibe wowaphikira, ndipo tiwathandiza bwanji mwezi uno?