KASUNGIDWE KA MANO NDI MAFUPA AMAKEDZANA



M'chaka cha 1991, ku Uraha m'boma la Karonga, gulu la a Friedemann Schrenk ndi a Timothy Bromage linapeza chibwano cha munthu wamakedzana, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Anachipatsa nambala UR 501, nalemba malo ake enieni. Dzino limodzi linali lobenthuka. Chaka chotsatira anabwerera pomwepo, nasefa dothi, mpaka kachibenthuko anakapeza. Akanapanda kulemba malowo, akanakafuna kuti?

Ifenso polima kuno ku Dowa ndi Ntchisi timafukula mapale, mafupa ndi mano, koma zimathera m'manja mwa ana. Choncho ndikupempha bungwe lathu ligulire sukulu yathu kabati. Chinthu chilichonse chikhale m'kabokosi kakekake, pa thonje, pouma, ndi nambala yake. M'kaundula tilembe nambalayo, mudzi, tsiku ndi wotola. Tisachape ndi sopo kapena kumata ndi guluu. Tikapeza chachilendo tidziwitse a Boma oona za zinthu zakale.

Akalipentala amene muli pakati pathu, muonane ndi Msungichuma tikamaliza.