Harrier: ndege 72 zomwe zinagulidwa kuti ziphwasulidwe

 

Kavidiyo kaja kanatumizidwa pagulu lathu la WhatsApp, ka ndege yankhondo ikunyamuka chokwera ngati helikopita, ena munati n'zopanga pa kompyuta. Ayi ndithu, ndege imeneyo ilipo. Dzina lake ndi Harrier, ndipo kwawo ndi ku Britain.

Anaiganiza chifukwa cha mantha. Nthawi imene mayiko a azungu ankayang'anizana ndi Soviet Union, asilikali ankadziwa kuti nkhondo ikangobuka, mdani ayamba waphulitsa mabwalo a ndege. Ndiye ndege zako zinyamukira pati? Kampani ya Hawker inapanga ndege yoyeserera, P.1127, yomwe inayamba kuyandama m'malere mu 1960. Pofika 1969, Harrier inali italowa ntchito ku Royal Air Force, ndipo ku West Germany ankatha kuibisa m'nkhalango.

Chinsinsi chake ndi injini imodzi yotchedwa Pegasus. Ili ndi mipope inayi yotulutsa mpweya, iwiri mbali ino, iwiri mbali inayo, ndipo imatembenuka. Woyendetsa akailozetsa pansi, ndege imakwera chiimire. Akailozetsa kumbuyo, yapita. Ikaima m'malere mapiko sagwira ntchito, choncho kumphuno, kumchira ndi kunsonga za mapiko kuli timabowo topemerera mpweya kuti isapendekeke. Koma kunyamuka chokwera kumadya mafuta koopsa, komanso sungasenze mabomba ambiri. N'chifukwa chake nthawi zambiri imathamanga kaye pang'ono, chiimirecho n'kuchisungira potera.

Mbiri inaipanga mu 1982 pa nkhondo ya ku Falklands, pomwe ma Sea Harrier anagwetsa ndege za Argentina pafupifupi 20, popanda ngakhale imodzi yogwetsedwa ndi ndege inzake.

Tsopano nkhani ya masipeya, yomwe ine ndimaikonda kwambiri. Mu December 2010, boma la Britain, pofuna kuchepetsa ndalama zomwe limawononga, linaimitsa ma Harrier ake onse. Chaka chotsatira linagulitsa 72 kwa asilikali a US Marine Corps pa mtengo wa pafupifupi madola 180 miliyoni. Gawani nokha: madola 2.5 miliyoni iliyonse. Kwa ndege yankhondo, kumeneko n'kungotaya, ndipo ambiri ku Britain anadandaula.

Nanga a ku America ankazifuniranji? Osati kuti aziuluka nazo. Iwo anali ndi Harrier yawoyawo, AV-8B, pachibale penipeni ndi ya ku Britain. Kupanga ndegezi kunali kutatha kale mu 2003, pomwe F-35B yoti ilowe m'malo mwake inkachedwa. Apa mukumva kale, inu amene munaonapo makaniko ali ndi minibasi ziwiri, imodzi ili pamiyala kuti inzake ipeze giyabokosi. Kusiyana kwake n'kwakuti m'ndege sungomanga chitsulo chilichonse. Chipangizo chimakhala ndi nambala ndi mapepala osonyeza maola omwe chagwira ntchito, ndipo chopanda mapepala sachilola.

Kufunika kwa ndege iliyonse kunaoneka mu September 2012, pomwe a Taliban analowa usiku ku Camp Bastion ku Afghanistan n'kuwononga ma AV-8B asanu ndi imodzi ali pansi. Kofuna kukagula ina yatsopano kunalibe.

Za ku Britain zija anakazisunga ku Davis-Monthan, m'chipululu cha Arizona, komwe mpweya ndi wouma moti dzimbiri silifulumira. Zithunzi zake zili pa intaneti, zili ndandanda pamchenga. Amene muli ndi bando muzione tikatuluka. Mafunso alipo?