Misozi ya Antchito M'nyimbo za Makolo



Mabuku a eni minda ndi eni migodi ankalemba dzina la munthu, masiku amene wagwira ntchito ndi ndalama zimene walandira. Za msana wophwanyika, matuza a m'manja ndi mtima wosweka sankalembamo. Mbiri imeneyo inasungidwa m'nyimbo.

M'nthawi ya atsamunda, anthu okhala m'minda ya azungu ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje ankagwira thangata polipirira malo okhala. Mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana anasanduka dzina la goli. Kudandaula poyera kunali kudziputira chikoti, choncho madandaulo ankabisidwa m'zining'a. Nyimbo yomweyo yoyendetsera makasu pamodzi inkanenanso za njala, za ntchito yosatha ndi za nkhanza za kapitawo, mwini wake ali chiimire pomwepo. Mkwiyo umenewu ndiwo unaphulika ku Magomero mu 1915, pa kuukira kwa John Chilembwe.

Msonkho ndi umphawi zinathamangitsira amuna ena kutali: ku migodi ya malasha ya Wankie, ndi ku migodi ya golide ya ku Joni kudzera mwa Wenela. Nyimbo za paulendowu zimanena za sitima yotenga ana a eni, mdima wa pansi pa nthaka ndi mantha ofera kuchilendo popanda mbale woika maliro. Manthawo sanali opeka. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito ya kumigodiko.

Koma kulira kozama kunkamvekera pamtondo. Mkazi wa tchona, musi uli m'manja, ankaimba za kalata yosabwera, nsalu yong'ambika, munda wolima yekha ndi ana oiwala nkhope ya bambo wawo. Pabwalo sakanayankhula zimenezi, koma pamtondo mudzi wonse unkamva, apongozi omwe, popanda womuimba mlandu. Mawu ake anali otaya mtima, komabe musi sunkaima, ndipo madzulo ana ankadya nsima.

Zina mwa nyimbo za m'dziko muno anazijambula Hugh Tracey m'zaka za m'ma 1950, ndipo zikusungidwa ku International Library of African Music, pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Zochuluka zikadali pakamwa pa agogo okha. Lero chigayo chalanda malo a mtondo, ndipo nkhalamba iliyonse ikatsikira kuli chete imapita ndi nyimbo zake.

Mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapokha wina atawasunga. Wachinyamata aliyense amene ali ndi foni m'thumba akakhale pamphasa ndi agogo ake, awajambule akuimba, ndipo awafunse amene ankaimbidwa m'nyimbomo ndi chimene chinawaliza.