UTHENGA KWA ACHINYAMATA A KU DOWA NDI NTCHISI: NDALAMA ZATHU ZIKUPITA KUTI?

Anzathu nonse a ku Mponela, Madisi, Mvera, Nambuma, Malomo, Khuwi ndi Nthondo, mverani mpaka kumapeto, kenaka mugawire magulu ena. Amene alibe bando, awerengereni.

Tiyambe ndi msonkho, chifukwa ambiri amatinyoza kuti achinyamata osagwira ntchito sakhoma msonkho. Bodza limenelo. Ukagula mayunitsi a foni, VAT ili momwemo, ndipo kwa zaka zambiri idali pa 16.5 peresenti. Wakabaza aliyense akathira lita imodzi pa Mponela, mumtengowo muli ndalama ya misewu, mulinso ndalama yothandizira kufikitsa magetsi kumidzi kudzera mu MAREP. Tikulipira tsiku ndi tsiku. Ndiye tili ndi ufulu wofunsa kuti zikupita kuti.

Za magetsi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti pa nyumba khumi zilizonse m'dziko muno, pafupifupi imodzi yokha ndiyo imaunikira magetsi a ESCOM, ndipo kumidzi chiwerengerocho n'chotsikirapo kwambiri. Ukatsika phiri kudzera pa Mvera, ku Salima kuli malo opangira magetsi a dzuwa a 60 MW amene adayamba kugwira ntchito mu 2021. Ife kuno tikuwerengabe ndi tochi ya foni. Wowotcherera zitsulo, wometa, wachigayo, onse amadikira magetsi kuti apeze ya ndiwo. Pomwe palibe magetsi, ntchito yotsala n'kuwotcha makala, ndipo nkhalango ya Ntchisi ndiyo ikulipira. Kumanga mnyamata wonyamula thumba la makala panjinga n'kosavuta. Kumupatsa njira ina yopezera ndalama ndiye ntchito ya boma.

Za nyumba. Mu 2014 boma lidabwera ndi pulogalamu ya malata ndi simenti zotsika mtengo. Boma lotsatira lidalonjeza nyumba 10,000 za apolisi, asilikali ndi ena achitetezo. Kenaka kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mnyamata amene adaumba njerwa zake ndi ndalama za soya lero akungoziyang'ana zikusungunuka ndi mvula, poti lata ndi thumba la simenti zathawa. Ndipo pasapezeke wotinamiza kuti vuto ndi anzathu a ku Dzaleka. Msasa umene uja udatsekulidwa mu 1994 kuti usunge anthu 10,000 ndi kanthu, lero muli anthu oposa 50,000. Iwonso akupanikizana ngati ife. Mkwiyo wathu usasochere.

Tsopano za mfuti. Pa 20 July 2011 Amalawi adatuluka m'misewu kudandaula za mafuta ndi kukwera kwa zinthu, ndipo anthu 20 adafa, ambiri mwa iwo atawomberedwa ndi apolisi. Mu June 2025 ku Lilongwe, anthu onyamula zikwanje adavulaza a Sylvester Namiwa pa zionetsero, achitetezo ali pompo. Chipolopolo ndi utsi wokhetsa misozi zimagulidwa ndi msonkho wathu womwewu. Ife tikufuna apolisi amene amabwera mbava za mfuti zikathyola sitolo usiku kapena zikalanda njinga yamoto ya kabaza. Pamenepo ndiye galimoto izipezeka ndi mafuta.

Tikupempha zinthu zinayi kumakhonsolo a Dowa ndi Ntchisi, kwa aphungu athu ndi kumaunduna okhudzidwa:

1. Mndandanda wa malo onse a m'maboma awiriwa amene ali mu MAREP, omwe ayatsidwa ndi omwe sadayatsidwe.
2. Chiwerengero cha mabanja amene adalandira malata ndi simenti, dera ndi dera.
3. Lipoti la ndalama za CDF ndi ziphaso za m'misika, limatidwe pakhoma la khonsolo m'Chichewa.
4. Lonjezo lolembedwa kuti pa zionetsero zamtendere sipadzagwiritsidwa ntchito zipolopolo zenizeni.

Sitikupempha chifundo. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga kuboma lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo tilemba makalata motsatira lamulolo. Akapanda kuyankha m'masiku amene lamulo likunena, tiyenda. Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino likutilola kusonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, opanda zida. Tidzadziwitsa a DC pasadakhale monga lamulo la apolisi likufunira.

Tsiku limenelo, malamulo athu ndi awa: osanyamula chikwanje, mpeni, legeni kapena mwala. Osamwa mowa. Osavala makaka a chipani chilichonse. Osakhudza sitolo ya munthu, chifukwa mwini wakeyo ndi amalume a mnzako. Wina akakupatsani ndalama kuti muyambitse chisokonezo, mukaneni ndipo muuze otsogolera a m'dera lanu. Tsiku ndi malo tidzalengeza pagulu lino lokha. Uthenga wochokera kwina musaukhulupirire.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sabata ino aliyense alembe dzina la mudzi wake, ngati muli magetsi kapena ayi, ndi mtunda wokafika ku polisi yapafupi. Tumizani kwa woyang'anira gulu lanu lisanathe Lamlungu, kuti tikapite ndi umboni m'manja.

Gawani uthengawu.